Sikafu ya Timakutu

Chipinda cha amayi chili ndi zenera limodzi, ndipo zeneralo limayang'ana khoma la aneba. Khomalo ndimalidziwa kuposa nkhope yanga. Chigwereni amayi m'bafa ndi matenda a sitiroko, amene anawalanda mawu ndi mbali yonse ya kumanja, ine ndiye manja awo, miyendo yawo ndi pakamwa pawo. Ndine chitsiriza, ndilibe banja, ndiye kwa abale anga ndine munthu wopanda chochita.

Chochita chinalipo. Mnzanga wa kusukulu anatsegula shopu ya zoluka m'tauni ina yakutali, ndipo anandiimbira kuti malo andisungira mpaka Lachisanu basi, apo ayi atenga wina. Achimwene anati ndipite ndithu, iwo apeza mtsikana wa ntchito. Anati amayi sakuzindikiranso kanthu, wowasambitsa akhale ine kapena mlendo, kwa iwo n'chimodzimodzi. Ankayankhula ataima pakhomo la chipinda, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala, poti kuzonda kwawo n'komweko. Ndinapsa mtima, komabe ndinkalakalaka zitakhala zoona. Zikanakhala zoona ndikanachoka mtima uli m'malo.

Chimene chinandisokoneza ndi sikafu. Ndinaipeza m'kabati ya amayi posaka chikwama, ili yolukidwa theka, mpira wa ulusi ukadali wolumikizika. Ulusi wake unali wachilendo, wofewa ngati ubweya wa kamwana ka mphaka, ndipo m'litali mwake monse munali timphete tosokeredwa kale kufakitale, timene ine ndinatitcha timakutu. Amayi atangoiona anayamba kung'ung'udza, dzanja lamanzere lili m'mwamba, zala ziwiri zikutsina mphepo. Alamu, akazi a achimwene, amene tsikulo anabwera nawo kudzaima pakhomo, anati akufuna madzi. Tinawapatsa, iwo n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Ine ndinaganiza zoimaliza ndisanapite, kuti ikhale yotsanzikira. Nkhani ya kuluka sindifunsa munthu. Majuzi onse a ana a achimwene anatuluka m'manja mwangamu, ngakhale zikomo wake mpaka lero akadali m'njira.

Koma sikafuyo inandivula. Ndinaitembenuza uku ndi uku kuti ndione mmene ulusi wayendera, ubweya n'kumabisa zonse. Ndinaiunika pazenera, ndinangoona khoma lomwe lija kudzera m'timabowo. Ndinatenga singano zolukira zazikulu, timakutu n'kumakola kunsonga. Ndinatenga zazing'ono, chimene chinatuluka chinali chouma gwa, choyenera kupukutirapo mapazi pakhomo. Ndinayesa kangowe kolukira, ulusi unangomangana mfundo. Ndinakhuthula kabati yonse kusaka singano za amayi, poti chinthu cholukidwa theka chimasiyidwa ndi singano zake. Munalibe, ndipo ndinayamba kukayikira alamu.

Masiku amenewo ndinkawasambitsa amayi, kuwadyetsa, kuwatembenuza, kenako n'kukhala pampando n'kumalimbana ndi ulusi. Iwo ankandiyang'ana osaphethira, zala zija zikutsinabe mphepo. Ndinkawauza kuti musadandaule amayi, itha imeneyi, iwo n'kutseka maso ngati munthu amene watopa ndi chitsiru.

Lachinayi ndinachita chimene woluka aliyense amachita akagonja, kumasula mzere umodzi kuti ndione chiyambi chake. Ndinangokoka pang'ono, mzere wonse unasololoka, wachiwiri n'kutsatira, wachitatu n'kuyambapo. Amayi anatulutsa mawu amene sindinawamvepo chidwalireni, ouma, ochokera pansi pa chifuwa. Ndinachita mantha, ndinaikulunga sikafuyo n'kuibisa. Ndinadziuza kuti ndi ululu wa msana, ndipo ndinawapatsa mankhwala.

Lachisanu m'mawa chikwama changa chinali pakhomo. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi kuti nditsanzike, sikafu ili pamiyendo panga, poti ndinkafuna kuwasiyira pafupi.

Dzanja la amayi linakwawa pabulangete mpaka linaipeza. Zala ziwiri zija zinalowa m'kakhutu kamodzi ka m'mphepete mwa sikafu, zinatsina kakhutu kotsatira ka kumpira, n'kukakokera mkati mwa koyambako. Kanatuluka bwinobwino, koma popeza panalibe dzanja lina logwira, kanapulumuka n'kubwerera. Anayesanso, kanapulumukanso. Kachitatu ndinakagwira ine.

Basi, nkhani yonse inali yomweyo. Panalibe singano, panalibe kangowe, kakhutu kankangolowa mwa kanzake ndi zala. Sabata yonse mayi anga ankandiphunzitsa m'mwamba muja, ife n'kumawamwetsa madzi.

Tinayamba mzere, iwo kukoka, ine kugwira. Chifukwa cha changu ndinadumpha kakhutu kamodzi. Amayi anasiya ulusi, anandimenya kuseri kwa dzanja, n'kuloza pamene ndadumphapo. Anandiyang'ana ndi diso lomwe lija ankandiyang'ana nalo ndili mwana ndikasokera batani mokhota, mbali yamoyo ya milomo yawo ikunjenjemera pofuna kuseka. Ndinasangalala mpaka misozi. Koma nthawi yomweyo ndinadziwa tanthauzo lake: amayi ankazindikira zonse.

Panja galimoto inaliza hutala. Posakhalitsa achimwene anatulukira pakhomo ndi makiyi awo, kumbuyo kwawo kuli mtsikana wa ntchito uja atanyamula kajumbo ka zovala zake.

"Iwe chitsiriza, tiye, basi ikusiya."

"Achimwene, talowani mudzaone zimene akuchita amayi."

Anasuzumira ali pomwepo. Anati dzanja la wodwala limagwedezeka lokha, adokotala ananena kale, ndisadzivutitse. Anati mwayi ngati uwu sudzabweranso, ndipo apa sananame. Anandikumbutsa kuti ndine amene ndakhala ndikulira kuti m'chipinda muno ndikuwoleramo, ndipo apanso sananame.

Ndinamuyang'ana mtsikanayo. Ankaoneka waulemu, wa manja oyera. Amayi akadzatsina mphepo, iye adzathamangira kapu ya madzi, tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene adzamuuze kuti walakwitsa.

"Ndikasiya apa mzerewu usololoka," ndinatero.

"Ndiye ukuti bwanji? Ukupita kapena ayi?"

Zala zanga zonse zinali m'timakutu, chilichonse chitavala kake, moti ngakhale misozi sindikanatha kupukuta. Kuseri kwa khoma la aneba kunkamveka magalimoto akudutsa pamsewu. Amayi sanawayang'ane n'komwe achimwene. Anali atatsina kale kakhutu kotsatira, atakakweza m'mwamba, akudikira kuti ndigwire.

Ndinagwira.