Wometa Amene Ankadikira Maselo Atsopano

Wometa uja anali ndi dzanja! Akakuwongolerani mzere wa pachipumi, ngakhale m'mizinda ikuluikulu simukanaupeza wotero, ndipo amene tinayendapo tikudziwa. Vuto lake linali shuga. Kuyambira ali mnyamata ankadzibaya jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku, ndipo singano inali itamukola.

Tsiku lina mlamu wake, dalaivala wa thiraki, anadzameta.

"Alamu, mukudzibayabe? Zachikale zimenezo! Kunja amatenga maselo a kapamba n'kukudzalani m'chiwindi ngati mbewu, shuga n'kutheratu. Ulendo winawu ndikunyamulani."

Kuchokera pamenepo singano inayamba kumuwawa kuposa kale. Lero adzibaye, mawa aiwale dala. Kuchipatala anasiya kupita. Mkazi wake akadandaula, ankayankha kuti, "Mayi, galimoto yoti akaisintha injini saivutitsa ndi oilo."

Thiraki inapita, inabwera, inapitanso. Miyezi inasanduka zaka. M'galasi munayamba chifunga, iye n'kumapukuta galasilo. Mizere inakhota. Kenako anatema khutu la mwana, ndipo benchi ya makasitomala inatsala yokha.

Atabwerera kuchipatala n'kufunsa za maselo aja, namwino anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo, chithandizocho chilipodi, koma n'cha anthu ochepa. Maselowo amachokera kwa munthu amene wamwalira, ndipo sapezeka wamba. Wolandirayo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi kwa moyo wake wonse, komabe ambiri amadzabwereranso ku jakisoni."

"Nanga maso angawa?"

Namwino anamuunika m'maso.

"Shuga waononga timitsempha ta mkati. Titeteza kuwala kwatsalaku, koma kumene kwapita ngakhale maselo atsopano sangakubweze."

Mlamu atabweranso anadziponya pampando, tsitsi lili nyankhalala.

"Alamu, mapepala a ulendo wathu uja atsala pang'ono!"

Wometa anamumanga nsalu m'khosi. Anapapasa pashelefu mpaka anapeza makina ometera, n'kuwayatsa. Dzanja linalo linkafufuza mutu m'malere. Mlamu anaona zonsezo m'galasi, ndipo pang'onopang'ono anamasula nsalu ya m'khosi.

"Ndakumbukira, thiraki ndaiimika poipa. Ndibwera mawa."

Makina anapitiriza kulira m'manja mwa wometa, mpando uli wopanda munthu.

Phunziro: Mukamva za chithandizo chatsopano, kafunseni kuchipatala, ndipo musasiye mankhwala anu. Shuga sadikira ulendo wa munthu.