Ng'ona Yomva Mtima

Tandiuzani inu ophunzira: n'chiyani chilibe khutu koma chimamva mtima, chilibe mano koma chimaluma wamantha? Zakukanikani eti? Ndi gemu imene Elsie, mtsikana wa kukoleji, anabwera kudzayesa kwa Kalembo chaka chija tinkadya mango owiritsa ndi nyika, mizu ija ya m'madzi.

Amakupana kachingwe pachala, zomvera m'makutu, iwe n'kumapalasa bwato pakompyuta kuwoloka mtsinje. Mtima ukagunda kwambiri makinawo amamva, madzi amakalipa, ng'ona imayandikira. Thumba la ufa la mphoto linatsala limodzi, wofika patali ndiye mwini wake. Olimbirana anali awiri: Rukiya, ndi a Willard, aja amati ng'ona za mu Shire zimawapatsa moni.

"Achemwali, kazipitani," anatero a Willard. "Izi n'zachimuna."

Rukiya anakhala pampando. Ana ake anali atagona ndi njala masiku awiri. Atangovala zomverazo anamva madzi, phwa, phwa, ndendende tsiku lija ng'ona inatenga mng'ono wake akukumba nyika. Mtima thi thi thi, sipika n'kumaulutsa kugundako kuti aliyense amve. Bango linagwedezeka. Mpweya wa chilombo unafika kuseri kwa khutu lake lenileni.

"Mayi, pumani pang'onopang'ono," anatero Elsie. "Ikukumvani."

Kupuma bwanji? Rukiya anavula masilipasi, n'kuyamba kufufuza pansi ndi zala zakumapazi monga amachitira okumba nyika m'matope: osathamanga, osavundula madzi. Mtima unatsika. Mpweya uja unabwerera m'mbuyo. Anadutsa pakati pa mtsinje, gombe lili apo, koma anakumbukira mpango wa malemu mng'ono wake ukuyandama. Khapa! Bwato linagudubuzika.

Anakhala pansi, maso ali pathumba. Ufa wapita basi.

A Willard anafika pampando chifuwa patsogolo. Asanagwire n'komwe batani, sipika inayamba du du du du, ngati ng'oma ya beni.

"Iyayi, makinawa ndi owonongeka!"

"Sitinayambe, bambo," anatero Elsie.

Bwato lisanachoke pagombe, pagalasi la kompyuta panatuluka kachule, n'kulira kamodzi. A Willard anakuwa "Mayo ine!", kutaya zomvera, tsonga pamwamba pa benchi, mwendo umodzi m'mwamba.

Elsie anamusenza Rukiya thumba lija. Amayi oonerera anali atagwa nako kuseka, ena akugwira nthiti zanjalazo.

"Tsikani a Willard," anakuwa Rukiya. "Chule wapepesa!"