Cheke cha Katoni

A Malata anali ndi ngongole kwa ana a kundende, ndipo Sinditsitsa ankauza aliyense wobwera kudzagula nkhuku, wofunsa ndi wosafunsa yemwe.

"Munthu wamkulu kuimirira pagulu, tayi pakhosi, kulonjeza matabwa, macheka ndi malipiro a mphunzitsi. Ana kumuombera m'manja mpaka zikhatho kufiira. Lero ali zii. Nkhuku iyo mtengo ndi womwewo, achimwene, kuiyeza m'manja sikuichepetsa."

Dzina la Sinditsitsa adamupatsa ndi anzake a mumsika, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankatuluka m'kamwa mwake munthu asanamalize n'komwe kudandaula. A Malata nawo linali dzina la malonda awo: anali ndi sitolo yaikulu ya zipangizo zomangira nyumba.

Mzime wa Sinditsitsa anali kundende ya achinyamata. Adagwidwa akuba mabatire a galimoto, anzake n'kuthawa, ndipo mayi wake sankamuikira kumbuyo. Adaba, adagwidwa, agwire ukaidi. Koma m'ndendemo mudayamba sukulu ya ukalipentala, ndipo manja aja otsegula maboneti a eni ake adakhoma kampando. Kankatsimphina mwendo umodzi, komabe Sinditsitsa ankakhalira komweko pamsika, ndipo wokaseka ankagula nkhuku modula. Mayeso anali pafupi, kutuluka kwa mnyamatayo kunalinso pafupi. Akatuluka ndi satifiketi, akapeza pogwira. Akatuluka chimanjamanja, anzake aja anali pomwepo padepoti, akumudikira.

Tsiku loona akaidi anamupeza mwanayo atazyolika kuseri kwa waya.

"Sukulu idatha, amayi."

"Idatha bwanji mayeso usanalembe?"

"Matabwa adatha. A Mmisiri, aphunzitsi athu, adasiya kubwera, akuti ana awo sadya utuchi."

"Ndiye tsiku lonse mumatani?"

"Timaphunzitsana."

"Chiyani?"

Mnyamata anayang'ana pansi. "Pali wina amadziwa kutsegula loko ndi kawaya."

Sinditsitsa sanatsanzike. Anakakamira pachipata mpaka anamuitanira mayi Sajeni, woyang'anira za maphunziro m'ndendemo. Sajeni anamutengera m'chipinda chophunziriramo kuti adzionere yekha. Mabenchi anali mbuu fumbi, macheka atachita dzimbiri, guluu atauma m'chitini ngati mwala. Windo lina linali losweka, ndipo pobowokapo adatsekapo ndi chikatoni chachitali ngati chitseko. Sinditsitsa anachizindikira. Chinali cheke chimene a Malata adanyamula tsiku la lonjezo lija, akumwetulira wojambula zithunzi. Zilembo sankazitha, koma manambala a ndalama sankamusocheretsa, ndipo maziro anali ndondondo ngati mazira m'thireyi.

"Ndalama zonsezi mwatsekera pawindo?"

"Mayi, chimenecho si..."

"Ana akuphunzira kuthyola maloko, inu mwakhalira cheke? Banki ili kutali? Ulesi wa yunifolomu umenewu."

"Tamverani kaye ndikufotokozereni."

"Kufotokoza mwafotokoza chaka chonse. Ndibwerekeni."

Anachizula yekha, mphepo n'kulowa. Sajeni anangomusiya apite nacho. Makalata opita kwa a Malata adalemba mpaka kutopa, yankho lake limodzimodzi, lakuti nkhaniyo ikuonedwa.

M'mawa mwake kondakitala wa minibasi anafuna kuti chikatonicho chilipire mpando wake. Sanalandire kanthu. Kubanki mlonda anachita kumutsegulira zitseko zonse ziwiri. Sinditsitsa anaima pamzere, cheke chili pamutu, mpaka anafika pagalasi.

Mtsikana wa pakauntala analuma mlomo kuti asaseke. "Amayi, ichi n'chojambulitsira chithunzi basi. Cheke chenicheni ndi kapepala kakang'ono, kamabwera pambuyo."

"Kadabwera?"

"Zimenezo mukafunse amene adasayina apa."

Kumbuyo kwake wina anatulutsa phwete, mzere wonse n'kutsatira. Manyazi anamukwera Sinditsitsa mpaka m'makutu. Adamulalatira Sajeni popanda chifukwa, ndiye wadzionetsa umbuli pamaso pa anthu ovala bwino. Koma manyazi kwa iye sankachedwa, analibe pogona. Pofika panja anali akuganiza kale ngati wamalonda. Munthu akakupatsa ndalama yachinyengo, sulira nayo. Umakagulira pa sitolo yake yomwe.

Loweruka m'mawa anakawatenga a Mmisiri kunyumba kwawo. Anali bambo oonda, aulemu wambiri, pensulo ili kukhutu ngakhale analibe cholemba.

"Kodi ndalama yapezeka, mayi?"

"Yapezeka. Inu kasankheni zofunika ana aja mpaka mayeso. Musaumire, si zanu."

M'sitolo ya a Malata munali modzaza, amisiri omanga, eni nyumba, amabungwe ndi mapepala awo. A Mmisiri ankaloza, anyamata a m'sitolo ankanyamula: matabwa, misomali, guluu, macheka atsopano, zopalira, vanishi. Zonse anakweza pa lole ya sitoloyo. Sinditsitsa anali chiimire pakhomo, chikatoni atachikulunga m'nsalu ya bedi.

Kalaliki atawonkhetsa mtengo, anaona kuti wogula wotere ngofunika bwana amupatse moni yekha. A Malata anatuluka muofesi akupukuta magalasi.

"Takulandirani, mayi. Mukumanga sukulu kapena?"

"Eya, sukulu."

"Mulipira bwanji, kashi kapena pafoni?"

"Cheke."

Anavundukula nsalu n'kuchigoneka pakauntala. Chinaphimba makina owerengera, buku la malisiti ndi kapu ya tiyi ya kalaliki. A Mmisiri anayamba kufufuza khomo ndi maso.

A Malata anaseka, koma kuseka kwake kunathera pammero. "Masewera amenewa, mayi."

"Ine sukulu ndidalekera pakhonde, bwana. Achimwene inu a chipewa, tandiwerengereni dzina lili apali."

Womanga nyumba wina wa chipewa anawerama n'kuwerenga mokweza dzina la sitolo, dzina la ndende ya achinyamata, ndi ndalama zake, mwapang'onopang'ono ngati akulengeza maliro. Anthu anasiya kusankha penti.

"Siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, koma..."

"Ndiye palibe vuto. Ngati ndi ndalama, landirani, katundu anyamuke. Ngati si ndalama, nenani pompano anthu amve kuti ana a kundende mudawapatsa katoni."

"Tiyeni muofesi, tikakambirane bwinobwino."

"Mudalonjeza pagulu, tikambirana pagulu. Muofesi mulibe mboni."

A Malata anatsitsa mawu. Sanali munthu woipa mtima kwenikweni, anali munthu wokonda kuomberedwa m'manja zinthu zisanachitike. Anati malonda avuta, simenti yakwera, amene amawagulitsa malata safuna ngongole. Cholinga chopereka chidakalipo, kungoti nthawi.

"Nthawi ndi imene ndilibe. Mayeso sadikira simenti."

"Komanso tinene zoona, mayi," a Malata anatero, mtima utayamba kuwawa, "ana amenewo ndi akuba. Lole yangayi adaibapo batire. Mwina ndi mmodzi wa iwo."

"Mwina ndi wanga. Mabatire ndiye inali ntchito yake." Sinditsitsa sanaphethire. "Ndipo akutuluka posachedwa, sadzakhalamo mpaka kalekale. Macheka adzagwira ndithu, bwana. Inu sankhani lero kuti adzadulire matabwa kapena loko wa pachitseko icho."

Wa chipewa uja anaseka, ena n'kumuthandiza. Mayi wina wa bungwe, amene anabwera kudzagula malata a chipatala, anapinda pepala lake n'kupinda manja, kudikira kuti aone mathero.

A Malata anamuona mayi wa bungweyo. Anapukutanso magalasi amene anali oyera kale.

"Chabwino. Tengani theka la katunduyo lero, theka lina mwezi wamawa."

"Pachithunzi mudanyamula theka?"

"Ndiye siyani vanishi ndi zopalira."

"Bwana, mukafunse dzina langa kumsika wa nkhuku. Musataye malovu."

"Mayi inu muli ndi mwamuna?" anafunsa a Malata.

"Adayesa kunenerera ngati inu. Ali kwawo."

Apa ngakhale kalaliki anabisa nkhope kuseri kwa chikatoni. A Malata anayang'ana lole, anayang'ana anthu, kenaka anapumira m'mwamba.

"Lemba lisiti," anauza kalaliki. "Dalaivala akatule kundende."

Anatambasula dzanja kuti agwirane chanza, nkhope itayambanso kuwala ngati pali wojambula. Sinditsitsa anatambasula lake, koma chikhatho chili m'mwamba.

"Chenji."

"Chenji chanji?"

"Katundu uyu sanafike pa ndalama yalembedwa apa. Manambala ndiye ndimawatha. Munthu akagula ndi ndalama yaikulu amalandira chenji, kapena sitolo ino ili ndi malamulo ena? Chotsalacho ndi malipiro a bambo awa. A Mmisiri, bwerani kuno, mukubisala chiyani kuseri kwa mawilibala?"

A Mmisiri anabwera chammbali, chipewa chili m'manja. "Ine zanga zingathe kudikira, bwana."

"Sizingathe," anatero Sinditsitsa. "Matabwa sadziphunzitsa okha. Inu khalani chete, ulemu wanuwo ndi umene wakuondetsani."

A Malata anatulutsa makiyi m'thumba, analowa muofesi, ndipo anthu anamva chitseko cha sefa ya ndalama chikulira. Anabwera ndi envulopu yonenepa, kalaliki n'kulemba lisiti lina la dzina la ndende, loti likafike m'manja mwa mayi Sajeni.

"Tsopano tathana?" anafunsa a Malata.

Sinditsitsa anasuzumira mu envulopu, anayendetsa chala m'mphepete mwa ndalamazo, n'kuzipereka kwa a Mmisiri.

"Tathana. Lolemba ana akhale akupala matabwa, a Mmisiri, ndipo mufike m'mamawa." Anakankhira chikatoni chija kwa mwini wake. "Ichi sungani, bwana, mwachilipira. Dalaivala, liza galimoto, nkhuku zanga ndasiyira anthu."