Jombo za a Raili

M'nyumba yansanjika ya pamsewu wathu ku Tampere, mzinda wa kudziko lozizira kwambiri, aliyense ankadziwa kuti a Raili amagona ndi jombo kumapazi. Palibe anawaonapo ali pabedi, komatu nkhani zotere sizidikira maso, zimangotsika zokha pamasitepe.

A Raili anakhala panja zaka zambirimbiri. Ankagona kunsi kwa mlatho, nthawi zina m'makonde a masitolo, chipale chofewa chogwa m'nyengo yozizira chikuwathira ngati ufa. Kenako bungwe lina lopereka nyumba linawapatsa chipinda, makiyi m'manja, osawauza n'komwe kuti ayambe asiya mowa kaye. Linawapatsanso mlangizi, a Sirpa, mayi wa maso otopa amene ankabwera Lachiwiri lililonse ndi mabanzi m'chikwama.

Vuto linali jombozo basi. Kuno ukalowa m'nyumba umavula nsapato pakhomo, ngakhale wodzakonza mpope amavula. A Raili ayi. Jombo zawo zinali zachimuna, zolemera, ndiye poti tulo sitinkawabwerera bwino ankangoyendayenda, kuwindo, kukhomo, kuwindonso. Pansi pawo pankakhala a Veikko, dalaivala wa basi wopuma ntchito. Chimwalirireni akazi awo, bambowa ankamva ngakhale ntchentche ikayetsemula. Anali atadandaula kale kawiri kwa oyang'anira nyumbayo.

Lachiwiri lina a Sirpa anaika masilipasi atsopano patebulo, pafupi ndi khofi.

"Achemwali, ndikuuzeni zoona," anatero a Sirpa. "A Veikko akadandaulanso, eni nyumba akuchotsani muno. Ine ndidzakumenyerani nkhondo, koma mphamvu zanga n'zochepa. Tangoyesani awa."

A Raili anawayang'ana masilipasiwo ngati nsomba yowola.

"Mwana'nga, ndinavulapo nsapato kamodzi, pasiteshoni. Podzuka zapita. Ndinayenda m'chipale nditakulunga mapepala apulasitiki. Zala ziwiri anadula kuchipatala."

"Koma muno muli loko."

"Lokoyo ndi wa chitseko. Mutu wanga ulibe loko."

A Sirpa anangopukuta kumaso ndi manja onse awiri. Anali ndi anthu ena ambiri oti awayendere tsiku lomwelo. Anasiya mabanzi, nati akambirananso sabata yamawa.

A Sirpa atangotuluka, a Raili anakhala pampando. Kuchotsedwa ankakudziwa bwino. Anachotsedwapo pasiteshoni, m'makonde, ngakhale pakhomo la tchalitchi, ndipo nthawi zonse pamakhala anthu oonerera. Anaganiza kuti bola achoke okha. Analonga zovala m'chikwama chawo chakale, nasiya masilipasi pomwepo. Makiyi anawafumbata m'manja kuti akawaponye m'bokosi la woyang'anira.

Atatsika nsanjika imodzi anaima pakhomo pa a Veikko. Mtima unawauza kuti munthu uja amve yekha. Anagogoda.

A Veikko anatsegula ali ndi nyuzipepala m'manja.

"Ndinakumvani mukutsika," anatero. "Tawuni yonse yakumvani."

"Ndiye mugone bwino, akulu. Mwapambana. Ndikupita."

"Kupita kuti?"

"Komwe ndinachokera. Pansi pa mlatho palibe wokhala pansi panga."

A Veikko anayang'ana chikwama, nayang'ana kuwindo la pamasitepe. Kunja kunali mbuu, mphepo ikukankha chipale cham'mbali.

"Ine sindinanene kuti muchoke, mayi. Ndinangoti muvule zigubu zanuzo."

"Sindivula."

"Bwanji? Muli golide m'menemo?"

"Muli zala zisanu ndi zitatu. Zinazo zinapita tsiku lomwe ndinavula."

Bambowo anayang'ana pansi. Anthu akuno sadziwa kupepesa, amangoyang'ana pansi mpaka nkhani izizire. Kenako anati, "Taimani pomwepo," nalowa m'kati. A Raili anamva madilowa akukokedwa, chinthu china chikugwa, bambowo akutukwana chapansipansi. Anangotsamira khoma, kudikira.

A Veikko anabwerako atanyamula masokosi aubweya otuwa, aakulu ngati matumba a mbatata.

"Analuka ndi malemu akazi anga, a Aila. Kumapetoko maso anali atafa, koma manja sankafuna kuima. Ankangoluka, sokosi ikukula, ine osawauza. Palibe phazi la munthu lingakwane umu."

"Ndanena kuti sindivula."

"Ndani wati muvule? Valani pamwamba pa jombozo."

A Raili anawayang'ana nthawi yaitali, kufuna kuona ngati akuwaseka. Sankaseka. A Raili anakhala pasitepe, nakoka sokosi imodzi. Inameza jombo yonse mpaka m'katumba. Inayo inavuta pachidendene, a Veikko anagwada mobuula, mawondo akulira, nawathandiza kukoka.

"Mukuoneka ngati chimbalangondo chodwala," anatero.

"Inu mukuoneka ngati munthu woti sadzukanso pamenepo."

Zinalidi zoona, anachita kugwira chitsulo cha masitepe kuti aimirire.

"Kwerani mukayende ndimve. Gwirani chitsulo, mungaterereke."

A Raili anakwera pang'onopang'ono, chikwama paphewa. Anatsegula ndi makiyi omwe aja, nayenda kuwindo, kukhomo, kuwindonso. Kenako anatuluka, nasuzumira pansi.

"Nanga?"

"Ndikukumvanibe," anayankha a Veikko. "Koma ngati mphaka wonenepa. Mphaka ndingapirire."

Chitseko chawo chinatsekeka.

A Raili anabwerera m'chipinda. Chikwama sanamasule, anangochiika pafupi ndi khomo monga mwa nthawi zonse. Khofi uja anali atazizira. Anamwabe, nadya banzi limodzi, makiyi ali patebulo pambali pa masilipasi. Atatha anaimirira, nayambanso ulendo wawo wa kuwindo.