Banga pa Laputopu ya Langton

Tiffany atangodina batani loyatsira, onse amene anali pabalaza anaweramira kutsogolo. Laputopu ya malemu bambo ake inang'ung'udza pang'ono monga mwa masiku onse, kenako sikirini inayaka. Koma sinayake bwino. Kumunsi chakumanzere kunali banga lakuda lokhala ndi mizere yoloza m'mwamba, ndipo chithunzi chonse chinkanjenjemera.

"Zimitsa, uyatsenso," anatero a Paison, mkulu wake wa malemuyo.

Tiffany anazimitsa n'kuyatsanso. Banga linali pompo.

"Koma limenelo si dzanja?" ananong'ona mayi wina pakhomo.

Zinthu ngati izi zimangofuna munthu mmodzi woyamba kutchula. Mawuwo asanafike n'komwe pakhonde, aliyense anali ataona zala, wina mpaka anaona chibangili.

Linali Lachinayi, tsiku logawa katundu wa malemu. Langton, yemwe ankagwira ntchito yoombola katundu pachipata cha Mwanza, anagwa pampando m'mawa wina sabata yapitayo ali pa laputopu yomweyo, ndipo anatsirizika asanafike kuchipatala. Adokotala anati ndi BP. Koma kwathu kuno BP sipha munthu payokha, pamakhala woituma. Masuti ndi nsapato zinali zitapeza kale eni ake, laputopu yokha ndi imene inatsala, ndipo anangoti aiyatse aone ngati ikugwira ntchito.

A Paison anatembenuka n'kuyang'ana a Liness, mkazi wa malemu, amene anakhala pamphasa pakona atafunda chitenje chakuda.

"Alamu, makinawa anali chonchi mwamuna wanu ali moyo?"

"Ayi."

"Nanga amagona kuti?"

"Kuchipinda kwathu."

"Kuchipinda kwanu," anabwereza a Paison pang'onopang'ono, kuti ndi apanja omwe amve.

A Liness anachokera ku Zobue, tsidya lina la malire. Langton anawatenga chitengwa n'kumanga nawo nyumba pamalo a makolo ake kwa Kanduku. Tiffany anabadwira n'kukulira pomwepo mpaka kufika ku koleji, mitengo ya manachesi imene anadzala awiriwo inakula mpaka kumathyoka nthambi ndi zipatso, koma a Liness kwa abale a mwamuna wawo anali adakali "uja wa ku Mozambique". Langton ali moyo mawuwo ankanenedwa moseka. Tsopano panalibe amene ankaseka.

"Loweruka ndipita nayo ku Thambani," anagamula a Paison. "Kuli mneneri woona zobisika. Akatchula dzina, mwini dzinalo asadzagonenso pamudzi pano."

A Paison ndi mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu lililonse amadzudzula za maula mpaka thukuta kamukamu. Koma mantha akawagwira pakati pa sabata, sasankha khomo logogoda. Aliyense pabalazapo ankadziwanso kuti mneneriyo satchula dzina limene sanalimve kwa amene wabwera ndi nkhani.

M'mawa mwake banga linali litakula. Zalazo zinatalika mpaka pakati pa sikirini, ndipo panabuka mzere wofiira wochokera pamwamba mpaka pansi. Anyamata amene anakumba manda anali atayamba kale kuzungulirazungulira panja, kenako anakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi khomo. Panalibe amene anawaitana.

Tiffany anaika laputopu pathebulo. Ku koleji ku Blantyre amaphunzira zina, koma kompyuta amaidziwa mokwanira kuti asaiope. Anawonjezera kuwala, banga silinasunthe. Anachotsa chaja, osasintha. Anaweramitsa chivundikiro n'kuchibwezeranso kumbuyo pang'onopang'ono. Mzere wofiira unkazima n'kumabweranso, koma banga linakhala phee.

"Bambo aakulu, tabwerani muone," anaitana. "Ngati vuto lili mkati mwa kompyuta, lionekanso pa TV. Ngati TV ionetse bwino, ndiye kuti chawonongeka ndi galasi lokhali."

Analumikiza chingwe kuchoka pa laputopu kupita pa TV ya sola. Chithunzi chinatuluka choyera bwino, chopanda banga, chopanda mzere, chosanjenjemera. Mtima wa Tiffany unakhala pansi koyamba chimwalirire bambo ake.

A Paison anayang'ana TV, anayang'ana laputopu, anapukusa mutu.

"Waona tsono? Chakana kuwoloka. Chikudziwa kuti TV ndi ya tonse. Chakakamira pamene malemu anagwira komaliza."

"Koma bambo aakulu, zimenezi zikusonyeza kuti..."

"Iwe sukulu yako ndi ya mabatani. Izi ndi za akuluakulu."

Anatuluka n'kukaima ndi anyamata aja, akulankhula motsitsa mawu. Mmodzi wa iwo ankasema kamtengo ndi chikwanje, maso ali kukhomo.

Masana Tiffany anatenga laputopu ija n'kulowa nayo kuchipinda kwa mayi ake. Anali wokwiya, ndipo mkwiyowo unapita m'zala. Atafinya m'mphepete mwa sikirini, pakona pamene banga linayambira, panatuluka kadontho ka madzi obiriwira. Anafinyanso. Kanatulukanso kena, katanyamula kachidutswa ka tsamba. Ananunkhiza chala.

"Amama, umu muli madzi. Madzi akalowa kuseri kwa galasi amayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake banga likukula. Ndipo akununkha mpungabwi."

A Liness sanadabwe. Anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Tsitsa mawu. Ndi azakhali ako."

A Fyness, mlongo wawo wamkulu wa a Paison ndi Langton, amakhala okha m'kanyumba ka kumapeto kwa munda. Ana sanadalitsidwe nawo, mwamuna anawasiya kalekale, ndipo maso awo ndi ofiira ndi utsi wa nkhuni. Ndi amene analera Langton mayi awo atamwalira. M'mawa wa tsiku losesa, abusa ataletsa kale za mankhwala pamaliropo, a Fyness analowa kuchipindako mwakachetechete ndi kabeseni ka madzi a masamba. Anawaza bedi, anawaza mpando. Kenako anatsegula laputopu n'kuiwaza kwambiri kuposa zonse, poti ndi imene Langton wawo anagwera pamaso pake, n'kuitsekanso madzi ali momwemo. A Liness anaona zonsezi ali pamphasa, ndipo sananene kanthu chifukwa anaona kuti mayiyo akulira.

"Ndiye kaneneni!" anatero Tiffany. "Mawa akukakutchulani inuyo."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti nkhalamba yopanda mwana inalowa mobisa kuchipinda kwa malemu ndi mankhwala? Wawaona anyamata ali panjawo?"

Tiffany ankadziwa zimene zinachitikira gogo wina kutsidya kwa mtsinje chaka chatha, mwana wa m'mudzimo atamwalira mwadzidzidzi. Apolisi anafika nyumba itapsa kale.

"Ine akanditchula, andiperekeza pachipata," anapitiriza a Liness. "Iwowo akawatchula, sawaperekeza kulikonse."

"Nanga nyumbayi? Manda a adadi ali kuno. Mudzawaona bwanji muli ku Zobue?"

A Liness ankaopa kwambiri, ndipo sanabise. Anayamba kupindanso malaya omwe anali opindidwa kale.

Madzulo a Fyness anabwera ndi mbale ya chinangwa chophika, anaiika pakhomo n'kuima. Anali atamva za banga, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti azindikira. Anatsegula pakamwa, anayang'ana kumtengo wa mango, n'kutsekanso. Anabwerera kwawo modzera kuseri kwa khola.

Loweruka dzuwa litangotuluka, kabaza wa njinga yamoto anali ataima kale pabwalo. Anthu anachuluka kuposa dzulo lake, ena ochokera m'midzi yoyandikana, poti mbiri ya dzanja inali itayenda. A Paison analowa pabalaza atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula chikwama. A Fyness anali atakhala pansi pafupi ndi khomo, mutu uli pakati pa mawondo.

"Bweretsa," anauza Tiffany.

Tiffany anaika laputopu pathebulo koma sanachotse dzanja. Anaitsegula, anayang'ana mayi ake kamodzi, kenako anafinya pakona paja. Kadontho kanatuluka n'kutsetsereka.

"Ndi madzi, bambo aakulu. Wina anathira madzi. Mneneri safunika."

"Tiffany," anatero a Liness, koma mawu anali atatuluka kale.

A Paison anagwira kadonthoko ndi chala. Pachala panatsalira kachidutswa kobiriwira. Anakapititsa pamphuno, ndipo nkhope yawo inasintha. Fungolo analidziwa. Ndi limene linadzaza nyumba ya makolo awo atamwalira mayi awo, ndipo pamudzipo panatsala munthu mmodzi yekha wodziwa kusakaniza masamba amenewo. Sanatembenuke kuyang'ana pakhomo.

"Wathira ndani?" anafunsa. Mawindo anali otsegula, ndipo panja panali zii.

A Fyness anayamba kudzuka atagwira chitseko. Bondo limodzi linali litachoka kale pansi pamene a Liness analankhula.

"Ndi a Langton."

Onse anawayang'ana.

"Anathirapo tiyi m'mawa umene anagwa uja. Kapu inawapulumuka. Zimene mwaonazo ndi masamba a tiyi, alamu."

A Paison anawayang'ana kwa nthawi yaitali. Langton sankamwa tiyi. Chibadwire ankati amamutentha pamtima, ndipo ngakhale pamaliro a anthu ena ankapempha madzi. A Paison ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense, ndipo a Liness ankadziwa kuti akudziwa.

"Alamu, mukunamizira munthu woti sangayankhe?"

"Akanatha kuyankha akanavomera," anatero a Liness, mawu ali pansipansi. "M'nyumba muno lamulo linali lawo. Mbale ikasweka, wailesi ikapsa, ankati nenani kuti ndi Langton, ine msana wanga unazolowera. Sindikudziwa amene anauzoloweretsa. Ine ndinawapeza ali choncho."

A Paison ankamudziwa amene anauzoloweretsa. Ali anyamata, iwo ndi amene analekerera mbuzi kulowa m'munda wa eni ake, iwo ndi amene anathyola foloko ya njinga ya bambo awo, ndipo nthawi zonse mng'ono wawo ankapita yekha kukagona pansi chikwapu chisanafunse n'komwe. Sanamuthokozepo. Anakula n'kuiwala, monga amachitira anthu amene ena anawamenyedwera.

Anakhala pampando mwadzidzidzi, chikwama chili pamiyendo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kunena zoona kunali kupereka mlongo wawo kwa anyamata a pamtengo wa mango. Kupita ku Thambani kunali kupirikitsa mkazi amene wangobisa mlongo wawoyo iwo akuona. Wa njinga yamoto analiza hutala panja.

A Paison anapekesa kachidutswa kaja pakati pa zala mpaka kanatha, n'kupukuta zalazo mkati mwa thumba la jekete. Anadzuka, anadutsa a Fyness osawayang'ana, n'kukaima pakhonde.

"Ulendo wa ku Thambani kulibe," anatero. "Mulibe dzanja la munthu m'makinamo. Ndi tiyi."

"Tiyi?" anafunsa wa chikwanje uja, wosakhutira.

"Mng'ono wanga anathirapo tiyi. Wolakwa ndi iyeyo." A Paison anamuyang'ana m'maso. "Ndi Langton. Kazipitani kwanu."

Sanachoke nthawi yomweyo. Anthu amene abwera kudzamva dzina sakhutira ndi dzina la wakufa. Koma wakufa sungamugende, ndipo mmodzimmodzi anayamba kutsetsereka ndi njira ya kudimba, wa chikwanje uja pomalizira, akucheukacheuka.

M'nyumba, Tiffany ankalira mwakachetechete, laputopu idakali yoyaka patsogolo pake. A Liness anadzuka pamphasa, anapukuta pakona paja ndi nsonga ya chitenje, n'kutseka chivundikiro. Kenako anapita pakhomo, anagwira a Fyness m'khwapa, n'kuwathandiza kuimirira.