Makina Anakana Zala za Pélagie

Pélagie anabwera ku Nampula kuchokera ku Burundi ali mtsikana, ndipo pamene izi zinkachitika n'kuti atakhala nafe ku Namicopo zaka khumi ndi zinayi. Khomo lake ndi langa ankayang'anizana, madzi tinkatunga pa mpopi umodzi. Chimakuwa ankachidziwa mpaka kutukwana nacho, koma pa pepala anali mlendo. Mwamuna wake, malemu Cassimo, anamukwatira pamaso pa amalume ake okha osakalembetsa ku boma. Atamwalira anamusiyira mwana mmodzi, Latifa, ndi khadi la alendo lofunika kukonzetsanso nthawi yake ikatha.

Tonse tinkagwira ntchito pa fakitale ya kasitanya, mtedza wa mbibu uja. Ine ndinali kosankha, kumene manja savulala. Iye anali koswa. Khoko la kasitanya lili ndi utomoni wootcha ngati moto, ndipo ngakhale udzole mafuta, umakudya khungu pang'onopang'ono. Nsonga za zala za Pélagie zinali zakuda, zosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha.

Chaka chimenecho kunabwera makadi atsopano ofuna zidindo za zala. Pélagie anandipempha kuti ndimuperekeze ku ofesi ya alendo, poti Chipwitikizi cha m'mafomu chinkamuzunguza mutu. Tinafika dzuwa likungotuluka, koma mzere unali utafika kale pa msewu: Asomali a magolosale, Amwenye, sisitere wina wachizungu atafunditsa mutu, Atchaina awiri akusuta. Tinalowa cha m'ma leveni.

Pa windo panali mnyamata wa tayi yofiira. Anatenga mapepala osamuyang'ana n'komwe, kenako anakankhira kutsogolo kabokosi kagalasi kowala.

"Chala chachikulu, Dona."

Pélagie anaika. Kabokosi kanalira, kanayaka kofiira.

"Pukutani thukuta. Ikaninso. Ayi, osakanikiza choncho, simukukanda mandasi pano."

Anayesa chachikulu, chamkombaphala, chapakati, mpaka kachala kakang'ono, dzanja lamanja kenako lamanzere. Konse kofiira. Mnyamatayo anatsamira pa mpando.

"Kodi Dona, zala mwazisiya kunyumba?"

Anthu a kumbuyo anaseka. Pélagie naye anayesa kuseka.

"Ndi ntchito, shefi, bwana wanga. Ndimaswa kasitanya."

"Zimenezo kauzeni makina. Popanda zidindo fomu sitseguka. Mudzabwere zikamera."

"Zimera liti, shefi? Khadi langa latsala ndi masiku khumi ndi awiri."

"Ndikuoneka ngati dokotala ine? Wotsatira!"

Titatuluka pa geti, anatitsekereza bambo wina wovala jekete pa dzuwa lonse lija, chikwatu cha mapepala m'khwapa. Anali Abudo, dobadoba wa pamalopo.

"Mana, mlongo wanga, ndaona zonse pa zenera. Musalire, vuto lanu ndi lochepa. Zala zimabwerekedwa. Tipeza mayi wa kumudzi amene sanadindepo chibadwire, aika zake, nkhope n'kukhala yanu. M'katimo ndili ndi anthu anga."

Ndinamukoka Pélagie pa chitenje. "Tiye. Awa amadyera pa maliro."

"Iwe Dona wamkamwa, khadi ndi lako?" anatikuwira Abudo tikuwoloka msewu. "Mudzandifuna!"

Kuyambira tsiku limenelo Pélagie anasiya kupita ku fakitale. Kapitawo anatumiza mawu kuti mpando sudikira munthu, iye anangoti chabwino. Ankadzola zala mafuta a kokonati, n'kuzikulunga tinsanza, pamwamba n'kuvala masokosi a Latifa. Madzi sankakhudza. Mbale ndinkamutsukira ine, kuchapa ine, kupesa mwana ine. M'mawa uliwonse ankamasula tinsanza tija, n'kuimika manja pa dzuwa.

"Saquina, taona apa. Si mizere iyi?"

Ndinkayang'ana. Khungu lakuda linkasupuka, pansi pake pali lina lofiira, lanthete, lopanda kanthu.

"Ikubwera, mana," ndinkatero. Ndinkanama.

Patapita masiku asanu tinapita ku msika kukagula nsomba zouma. Tili pa benchi tinangomva anthu akuti agwira, agwira. Galimoto ya apolisi inaima pa khomo la msika, ena anatseka kuseri, akufunsa mapepala aliyense womveka lilime lachilendo. Anatulutsa Kabeya, Mkongo wometa tsitsi, makina ometera akadali m'manja, kasitomala wake atatsala pa mpando mutu wometedwa mbali imodzi. Khadi la Kabeya linali litatha miyezi iwiri yapitayo. Mkazi wake anathamangira galimotoyo mwana ali kumbuyo, mpaka anagwa pa fumbi.

Nditatembenuka, Pélagie panalibe. Ndinamupeza kuseri kwa matumba a makala atanyonyomala, nkhope ili m'maondo, chitenje chitanyowa.

"Mana, khadi lako lisanathe ukubisaliranji?"

Ndinamudzutsa n'kumutengera kunyumba.

Madzulo ake tili pa khonde anandiuza zimene sanandiuzepo zaka zonse zija. Kwawo kunalibe munthu. Nyumba ya bambo ake inatenthedwa iye ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo amene anatsala anamwazikira kumene iye sakudziwa.

"Akandikweza galimoto ija akanditula kwa ndani? Nanga Latifa? Iyeyu ndi wa kuno, Chirundi sadziwa ngakhale moni. Ndimutenge akavutike nane, kapena ndimusiye akule akuti mayi anandithawa?"



Kutatsala masiku atatu ndinaona kuti sakundiyang'ananso m'maso. Ndinamupanikiza mpaka anaulula. Anali atapita yekha kwa Abudo. Anamupatsa fotokope ya khadi lake ndi nambala ya foni, Abudo n'kulonjeza kuti amuimbira akapeza mayi wa zala.

"Pélagie! Wapenga?"

"Ndiye ndikanatani? Iwe uli ndi dziko."

Mawu amenewo anandilasa. Foni ija sinalire, tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu.

Tsiku lomaliza la khadi linali Lolemba. Latifa atapita ku sukulu, Pélagie analowa kwanga atanyamula kachikwama ka zovala, n'kundipatsa envulopu. Munali kalata ya kubadwa ya mwana, khadi la ku sikelo ndi kiyi wa nyumba.

"Ndikapanda kutuluka, usamuuze lero. Adye kaye, agone. Umuuze mawa."

Pa geti la ofesi Abudo panalibe. Ndinafunsa mayi wogulitsa bajiya, timandasi ta nyemba, pafupi ndi mpanda.

"Wa jekete uja? Anamutenga Lachisanu, unyolo m'manja. Ndi chikwatu chake chomwe. Akuti aliyense amene pepala lake lili m'menemo amufuna."

Pélagie anagwira mpanda.

"Tibwerere," ndinanong'ona.

"Tibwerere kuti? Mawa ndine Kabeya."

Tinaima pa mzere maola anayi. Pa windo panali yemwe uja wa tayi yofiira. Pélagie anamasula tinsanza, anaika chala. Kofiira. China. Kofiira. Pa chala chachinayi khungu lanthete lija linang'ambika, magazi anadontha pa galasi. Mnyamatayo anatsonya, anatenga khadi kuti alembe nambala, kenako anaima. Anayang'ana pa kompyuta, anayang'ana Pélagie, n'kudzuka ndi khadi lija kulowa m'kati. Atabwerako anali ndi msilikali wa pa khomo.

"Dona, atsatireni awa."

Pélagie sananditembenukire. Anangosiya kachikwama kaja pa mapazi anga, chitseko chachitsulo n'kutsekeka.

Ndinakhala pa benchi. Wotchi ya pa khoma inadutsa thu koloko, inadutsa fili. Mawindo anayamba kutsekedwa limodzilimodzi, anthu anatha, wosesa anayamba kukolopa mozungulira mapazi anga. Ndinkaganiza za Latifa akufika pa nyumba n'kupeza loko. Ndinkayeserera mumtima mawu oti ndikamuuze. Kenako chitseko chija chinatseguka.

"Saquina ndi ndani?" anafunsa msilikali uja.

Ine ndine mbadwa, mchombo wanga uli ku Mogovolas, koma ndinachita mantha ngati mlendo. Msilikali ananditsogolera m'kanjira kamdima mpaka m'chipinda chokhala ndi fani yolira. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wamkulu wa yunifolomu, magalasi ali pa mphuno. Pélagie anali pa mpando wa pakona, maso atatupa. Pa tebulo panali fotokope ija.

"Dona Saquina," anatero mayiyo osakweza mawu, "mnzanuyu wandiuza nkhani yake. Tsopano ndimve yanu. Mukasiyana pena paliponse, mugona muno nonse. Pepala ili linafika bwanji kwa munthu uja?"

Sindinadziwe kuti Pélagie wanena zoona kapena wanama. Ndinamuyang'ana, koma mayiyo anagogoda tebulo ndi cholembera.

"Yang'anani ine."

Ndinaganiza zoti ndinene kuti pepalalo linabedwa, kapena linagwa pa mzere. Koma bodza limafuna mutu wozizira, ndipo wanga unali ukuwira. Ndinafotokoza zonse mmene zinayendera: za makina, za kusekedwa pa windo, za Abudo pa geti, za Kabeya ku msika, mpaka zoti anapita yekha ine osadziwa ndipo foni sinalire.

Mayiyo analemba nthawi yaitali. Fani inkangolira. Kenako anavula magalasi.

"Bwera kuno, iwe. Manja."

Pélagie anatambasula manja. Mayiyo anawagwira, anawatembenuza, anayang'anitsitsa chala chilichonse.

"Zaka zingati ukuswa?"

"Zisanu ndi zitatu, shefi."

"Ndiye amene anakuuza kuti zimera pa masabata awiri ndani?" Anatsegula kabati, anatulutsa fomu yachikasu. "Iyi ilipo kalekale. Ndi ya anthu amene makina sawawerenga: okalamba, odulidwa zala, omanga nyumba amene simenti inawadya. Imangofuna kalata ya dokotala. Pa windo sanakuuze?"

"Ayi, shefi."

Mayiyo anapumira m'mwamba, anaitana msilikali kuti akamutengere wa tayi yofiira. Atalowa, anamuonetsa fomuyo pafupi ndi mphuno.

"Ichi ukuchidziwa?"

"Ndinaiwala, shefi."

"Unaiwala. Kuseka anthu sunaiwale. Tuluka, tionana mawa."

Ndinayamba kupuma, koma mayiyo anali asanamalize. Anatembenukira kwa Pélagie nkhope itaumanso.

"Usaganize kuti wapulumuka chifukwa ndakumvera chisoni. Wapulumuka chifukwa foni ija sinalire. Ukanangoika chala cha munthu wina pa dzina lako, ndikanakukweza galimoto ndekha, mwana kapena popanda mwana. Tsiku la mlandu wa bambo uja ukaima m'khoti, ukanena zimene wandiuza. Wamva?"

"Ndamva, shefi."

Anadinda kapepala kosonyeza kuti khadi lili m'kati mokonzedwa, ka masiku makumi atatu, n'kumupatsa pamodzi ndi fomu ija. Pélagie anafuna kugwada, mayiyo anamuletsa ndi mawu.

"Pano si pa tchalitchi. Pitani."

Tinakwera njinga zamoto kubwerera ku Namicopo. Latifa tinamupeza kwa aneba akusewera fulaye, yunifolomu ili mbuu ndi fumbi. Pélagie anamugwira pa mkono n'kuyamba kumukalipira za yunifolomuyo, mawu okwera kuposa mlandu wake, kenako pakati pa kukalipako anakhala pansi n'kulira mokweza. Mwana anangoima kakasi, akundiyang'ana ine.

Tsiku lotsatira anadzuka ndi malungo, anagona masiku atatu. Kalata ya dokotala tinakatenga atachira. Ku fakitale tinapeza pa mpando pake pali kale munthu wina, choncho anayamba kugulitsa tomato ndi anyezi pa khomo pake.

Khadi linatuluka mvula itayamba. Ku khoti anamuitana mu Febuluwale. Abudo anali pa benchi la oimbidwa mlandu, wopanda jekete, ataonda, ndipo pamene Pélagie ankalumbira anamuyang'ana osaphethira. Mawu a Pélagie anayamba ang'onoang'ono mpaka woweruza anamuuza kawiri kuti akweze, koma ananena zonse mpaka kumapeto. Potuluka anandigwira dzanja, chikhatho chake chili chizizire.

"Anthu ake akudziwa kumene ndimakhala?"

"Sindikudziwa, mana," ndinatero. Ulendo uno sindinafune kumunamiza.

Sabata yomweyo tinaitana mmisiri kudzaika loko wachiwiri pa chitseko chake, ndipo mwezi wonse wa Malichi iye ndi Latifa ankagona kwanga.