Phazi Lochedwa

Kasetiyo anabwera nayo ndi alamu ake, mkazi wa malemu achimwene ake, ataikulunga m'kampango ngati mankhwala. Unali mwezi wachiwiri chibwerere wagitalayo kuchokera kunja, kumene anathako zaka makumi awiri ndi zitatu.

"Ndi yokhayi, alamu," anatero mayiyo. "Palibenso pena pamene achimwene anu anajambulidwa akuimba. Wailesi ya kaseti ndafunsa mseu wonse, ana akungondiseka. Inu ndinu a makina, ndiikireni mu foni ndiwamveko. Ndibwera Lamulungu la masabata atatu."

Achimwene akewo ndiwo ankaimba ng'oma mu bandi yawo yakale. Anamwalira iye ali kutali, ndipo maliro anawaonera pa foni, zithunzi zikudukaduka, atakhala pa masitepe a situdiyo ya eni ake pa nthawi ya nkhomaliro. Kunjako sanatchuke. Ntchito yake inali yochapa nyimbo za anthu ena: kuwongola mawu a oimba osadziwa kuimba, kuchotsa phokoso, kuika chilichonse pamalo pake. Ankaidziwa ntchitoyo ngati mmene munthu adziwira njira ya kwawo, ngakhale njira ya kwawo yeniyeniyo atabwera anaisokera kawiri. Holo imene ankaimbamo inali itasanduka mosungira simenti. Mtengo umene ankakumanirapo anali ataudula kuti aikepo chikwangwani chotsatsa sopo. Anthu ankamupatsa moni waulemu, wa mtundu umene amapatsa munthu wodzagula malo.

Anachita lendi kachipinda kuseri kwa shopu ya telala. M'makoma anakhomamo matileyi a mazira, pa zenera anatsekapo ndi matiresi, ndipo m'menemo ankapanga nyimbo zakezake, yekha, gitala pamiyendo, kompyuta patsogolo. Makina a telala akayamba kulira ankadikira. Akasiya, ankajambula.

Choimbira kaseti anakachipeza kwa wokonza mawailesi, pansi pa mulu wa zakufa zinzake. Anachilumikiza ku kompyuta, n'kuika kasetiyo, ndipo inayenda bwinobwino mpaka nyimbo kutha. Poti aibweze, makinawo anaitafuna. Anayesa kuikulunga ndi pensulo koma tepiyo inali itafumbwa, utoto wake wakhofi unkatsalira pa zala ngati dothi. Sanade nkhawa kwambiri. Nyimboyo inali italowa kale mu kompyuta.

Anavala mahedifoni. Poyamba kunamveka mphepo ya tepi, kenako mipando ikukhwekhwerezedwa, botolo kugwa, mkazi wina akuseka kutali. Ndiyeno munthu anatsokomola kawiri, n'kugunditsa timitengo ta ng'oma kuwerengera anzake.

Wagitalayo anatembenuka. Chifuwacho chinachokera kumbuyo kwake, chakumanzere, kumene achimwene ake ankakhala nthawi zonse pa siteji. Kunalibe munthu, kunali mpando chabe ndi jekete lake. Anaibwereza nyimboyo kanayi tsiku limenelo, ndipo kanayi konse khosi linatembenuka lokha. Pofika tsiku lachitatu anasuntha mpandowo n'kuutulutsa panja, koma sizinathandize.

Kenako manja anayamba ntchito imene anaizolowera. Pa kompyuta nyimbo imaoneka ndi maso: timapiri ndi tizigwa pamwamba pa mizere yowongoka, ndipo mzere uliwonse ndi pamene ng'oma iyenera kugwera. Atayang'anitsitsa anaona kuti ng'oma yaikulu, yoponda ndi phazi ija, sinkagwera pa mzere. Paliponse inkagwa mochedwa pang'ono mzere utadutsa, pena mpata wochepa ngati tsitsi, pena ngati chikhadabo. Tepi yakale imatamuka, anadziuza. Anasankha ng'oma zonse zochedwazo, n'kudina batani limodzi, ndipo zinalumphira pa mizere ngati ana a sukulu ataona ahedi. Anachotsa mphepo ya tepi. Anachotsa botolo, mipando, mkazi woseka uja ndi chifuwa. Gitala yake yakale, ya mnyamata wothamanga magazi, anaifufuta n'kuimba ina yakupsa bwino. Sabata yachiwiri ikutha kompyuta inadandaula kuti yadzaza, ndipo iye anachita zimene anachita kambirimbiri pa nyimbo za eni ake ntchito ikatha: anasunga yochapayo, zosachapa zonse n'kutaya, n'kukhuthula ndi bini yomwe.

Kuchokera tsiku limenelo sanatembenukenso. M'chipindamo munangoti zii, ndipo iye anayesa kuti ndi mtendere.

Loweruka masana anapita kukamvera bandi kuseri kwa bala ina, pabwalo lofoleredwa ndi malata, pamene ankayamba kuimba 3 koloko kuti anthu a mabanja abwerere kukadali kowala. Izi ndizo zokha zimene tauniyo inali isanamulande. Masipika anali ong'ambika, woimbayo ankameza mawu, waya wa maikolofoni anali womanga ndi pulasitiki. Koma gitala ya besi itangolowa, tebulo linayamba kunjenjemera pansi pa zigongono zake, ndipo mayi wina wonenepa anaimirira ndi thumba lake la kumsika m'manja n'kuyamba kuvina osalitula. Wagitalayo anapezeka akumwetulira yekha. Nyimbo ya pa kompyuta siinunkha thukuta, ndipo siikuyang'ana m'maso ikalakwitsa.

Wabesiyo ankamudziwa. Pa anthu asanu a bandi yakale ija, otsala anali awiriwa basi. Tsopano anali mdala wa imvi, woimba atakhala pa kireti pakati pa anyamata a msinkhu wa ana ake. Pa nthawi yopuma anabwera akukoka miyendo.

"Taonani bwana wa ndege. Ndimamva kuti unabwera, ndimati mwina ukudikira tikulembere kalata."

"Ndimakonza kaye nkhope, akulu."

"Imeneyo ndiye yakanika. Kunjako sadya? Wabwera ngati ndodo ya maikolofoni."

Anaseka, n'kugwirana chanza nthawi yaitali osasiyana. Kenako wagitalayo anatulutsa foni ndi mahedifoni.

"Ndili ndi kanthu. Tamverani, mundiuze."

Mdalayo anatseka maso. Zala zake za kudzanja lamanja zinayamba kuyenda pa bondo, kenako zinaima. Zinayambanso, n'kuimanso. Anamvera mpaka pakati, n'kuvula mahedifoniwo.

"Nyimboyi ndi yathu. Besiyo ndine, ndadzimva. Nanga pa ng'omapo wamuika ndani?"

"Ndi achimwene. Kaseti ija ya ku holo."

"Usandiseweretse, mphwanga. Mkulu wako sanafikepo pa nthawi chibadwire. Uyu ndi kalaliki wa ku banki."

"Tepi inali itatamuka, ndiye ndinangowongola pang'ono."

Mdalayo anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuona ngati ndi nthabwala.

"Tepi? Iwe, phazi lija linathyoka atagwa pa lole ali mnyamata. Si iwe unam'bereka kupita naye kuchipatala? Chichokereni pamenepo linkafika mochedwa ngati mlendo waulemu, anzake atakhala kale pansi. Pakati pa pamene linayenera kugwa ndi pamene linkagwa panali kampata, ndipo ine ndinakhala m'kampata kameneko zaka khumi ndi zisanu. Anthu sankavina ng'oma, ankavina kampatako. Iwenso gitala yako inkatsamira pomwepo. Wapita nako kuti?"

Wagitalayo anabweza foni m'thumba. Ankakumbukira zonse: kulemera kwa achimwene ake kumsana, magazi pa kabudula, ndi mmene pa siteji ankadikirira phazilo mtima uli m'mwamba, n'kugwa nalo limodzi. Thupi lake lonse linkadziwa. Koma masabata awiri onsewo nyimboyo anaiyang'ana ndi maso, ndipo maso anaona cholakwika.

"Yoyambirira uli nayo?"

"Ndinataya."

"Kaseti?"

"Inadyedwa."

Anyamata a bandi anali atayamba kuitana. Mdalayo anaimirira, n'kugwira tebulo kuti msana uwongoke. "Mlamu wako abwera liti?"

"Mawa masana."

"Ndifika m'mawa. Uwiritse madzi a tiyi."

Anafikadi, besi ili kumsana. Shopu ya telala inali yotseka, ndipo m'chipindamo munkamveka mpweya wa anthu awiri basi. Wagitalayo anali atafufuza kale m'makona onse a kompyuta osapeza kanthu. Chotsala chinali kubweza ng'omazo ndi dzanja, imodziimodzi, kuzichotsa pa mizere. Zinalipo mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri.

"Ikokere kumbuyo. Pang'ononso. Ayi, wapyola, ameneyo ndi woledzera," anatero mdalayo.

"Apa?"

"Apo ndi munthu wotopa. Iye sanali wotopa."

Mdalayo ankaimba besi yake momwe ankaimbira kale, kuti mnzakeyo aike ng'oma pamene zala zikuyembekezera. Koma zalazo nazonso zinali zitakalamba, ndipo zinali zitatha zaka zambiri zikutsatira anyamata oimba mowongoka. Chigawo chomwecho akachiimba katatu, kampatako kankatuluka mosiyana katatu konse. Pofika 11 koloko anali atasuntha ng'oma makumi atatu, ndipo atazimvera zinali ngati munthu akutsika masitepe mumdima.

Mdalayo anatsamiritsa besi kukhoma.

"Tisadzinamize. Sankachedwa mofanana. Akakwiya ankachedwa pang'ono. Akaona mkazi wovina bwino kutsogolo ankachedwa mpaka ine kuchita mantha kuti sabweranso. Tsiku limenelo ku holo sindikudziwa kuti ankaganiza chiyani, ndipo iwenso sukudziwa. Tikupanga chidole, n'kuchiphunzitsa kutsimphina."

"Ndiye nditani, akulu?"

"Umuuze. Ndi mwamuna wake."

Alamu ake anafika dzuwa litapendeka pang'ono, atavala diresi la maulendo, chikwama m'khwapa. Anapereka moni kwa mdalayo mogwada pang'ono, n'kukhala pa mpando umene wagitalayo analowetsanso kuchokera panja.

"Alamu, pali zimene ndiyenera kukuuzani kaye."

"Zidikire, alamu. Usiku wonse sindinagone. Ikani kaye ndimve, zinazo tikamba."

Wagitalayo anayang'ana kwa mdalayo, koma mdalayo ankayang'ana pansi. Anaika yochapa ija, pakuti ina yathunthu panalibe. Nyimbo inayamba popanda chifuwa, popanda timitengo, ng'oma zikugwa mwaudongo pamalo pake. Mayiyo anagwira chikwama ndi manja onse awiri. Sanagwedeze mutu ngakhale phazi. Itatha anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Mukudziwa kuti sindinawaonepo akuimba? Bambo anga sankalola, ndipo nditakwatiwa kunabwera ana motsatizana. Ine ndinkangoona timitengo tikutuluka pakhomo ndi kubwerera. Abale anga ankanena kuti munthu wotsimphina ngakhale ng'oma yake imatsimphina. Mayi anga anapita kumanda akunena zomwezo." Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Tamverani nokha. Kutsimphinako kuli pati apa? Akuyenda ngati msilikali."

Wagitalayo anatsegula pakamwa. Mdalayo anakweza mutu kumudikira.

"Munati pali zoti mundiuze, alamu?"

"Kaseti ija," anatero. "Makina anaidya. Pepani kwambiri."

"Isakudandaulitseni. Ndikanaiimbira pati? Bola mwiniwake mwamutulutsamo."

Mayiyo anapereka foni yake, ndipo wagitalayo anailumikiza n'kuikamo nyimboyo. Sizinatenge ndi mphindi yomwe. Mayiyo anathokoza kawiri, anakana tiyi, n'kutuluka akudinadina foniyo kuti atumizire ana. Mdalayo anakulunga waya wake pang'onopang'ono pa chigongono, anaberekanso besi, ndipo pakhomo anaima ngati anena kanthu. Anangosisita matileyi a mazira aja ndi chala, n'kumapita.

Dzuwa lisanalowe foni ya wagitalayo inayamba kulira. Nyimboyo inali itafika kwa ana onse anayi, kwa azisuweni, kwa adzukulu amene anabadwa maliro atachitika kale. Wina anatumiza kanema wa kamwana kakuvina pa khonde. Uthenga womaliza unali wa mwana wamkazi wa chitsiriza wa achimwene ake, amene ankagwira ntchito ya unamwino kutali.

"Bambo aang'ono, ndaimvera kasanu pa ntchito. Ine ndimangowakumbuka akudwala. Ndi bambo enieni amenewa?"

Analemba mawu ambiri, za lole, za mizere, za bini. Anawawerenga, n'kuwafufuta onse. Anakhala kaye atagwira foniyo, msana atalozetsa ku mpando uja, akumvetsera. Kunja kunkadutsa njinga, ndipo wina ankakhoma geti.

"Ndi iwowo, mwanawe," analemba, n'kutumiza.